YORDANI WATHU ALI PAKHOMO

Ulaliki wa pa wailesi wa Lolemba la Sabata Yachitatu ya Lenti, kwa akhristu a m'boma la Rumphi
Mawerengo: 2 Mafumu 5:1-15, Luka 4:24-30



Lero Mpingo watiwerengera nkhani ya munthu wina wamkulu dzina lake Naamani. Nkhani imeneyi tiyenda nayo njira imene mwina simudaiyembekeze, pakuti tifuna kukamba za thupi lathu lomweli: za kunenepa ndi kuonda, za mbale ya nsima, ndi za miyendo imene Mulungu adatipatsa. Wina anganene kuti, "Kodi ansembe asowa zolalika?" Iyai, sitidasowe. Koma taperekeza kumanda akhristu ambiri amene adangogwa mwadzidzidzi kaamba ka kuthamanga kwa magazi, tadzoza mafuta odwala amene matenda a shuga adawadulitsa mwendo kapena kuwatseka maso, ndipo tikapitiriza kukhala chete pa zimenezi, ndiye kuti ndife abusa ogona nkhosa zili kuphompho.

MKULU WA ASILIKALI AMENE ADAFUNA ZODABWITSA

Naamani adali mkulu wa asilikali a mfumu ya ku Siriya, munthu wotchuka ndi woopedwa, koma m'kati mwa zovala zake zaulemu mudali khate. Amene adamlozera njira ya machiritso sadali sing'anga wa kunyumba ya mfumu, koma kamtsikana kaukapolo kochokera ku Israele, kamene kadauza mbuyake wamkazi kuti ku Samariya kuli mneneri. Naamani adanyamuka ndi akavalo ndi magaleta, atatenga siliva, golide ndi zovala za mtengo wapatali, chifukwa adaganiza kuti machiritso aakulu amagulidwa ndi chuma chachikulu.

Atafika pakhomo pa mneneri Elisa, mneneriyo sadatuluke nkomwe. Adangotuma munthu kukamuuza kuti apite ku mtsinje wa Yordani, akasambe kasanu ndi kawiri. Naamani adapsa mtima koopsa. Iye adayembekeza kuti mneneri atuluka, aimirira pamaso pa anthu, afuula dzina la Mulungu wake, aweyula dzanja pamwamba pa nthendayo, khate nkuchoka onse akuona. Ndipo ngati nkhani idali ya kusamba, kodi Abana ndi Farpara, mitsinje ya kwao ku Damasiko, siidali yokongola koposa kamtsinje kamatope aka? Adatembenuza akavalo kuti azibwerera. Koma antchito ake, anthu wamba, adamukhazika mtima pansi pomukumbutsa kuti mneneri akadamulamula chinthu chovuta akadachita mosawiringula. Nanga akanirenji chinthu chapafupi? Tsono munthu wamkulu uja adavula ulemu wake, natsikira m'madzi. Adamira koyamba, khate lili pomwepo. Kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu ndi chimodzi. Pomira kachisanu ndi chiwiri, khungu lake lidasalala ngati la mwana.

Gwirani nkhani imeneyi, abale athu, chifukwa Naamani sadathe. Ali mwa aliyense wa ife amene afuna kuchira ndi chozizwitsa choonekera, nanyoza kanthu kakang'ono kofunika kukabwereza mawa ndi mkuja.

ZIMENE KANEMA AMAONETSA

Dziko lathu lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999. Lero madishi aima pa madenga a m'matauni ndi m'misika yathu, ndipo lamya ya m'manja yalowetsa zithunzi za dziko lonse lapansi m'nyumba za udzu zomwe. Mwa zimene zimabwera ndi zida zimenezi muli mipikisano ya kuonda. Wotchuka koposa udali wa ku America wotchedwa The Biggest Loser, umene udayamba kuonetsedwa mu 2004 pa kanema wa NBC, ndipo maiko ena ambiri adatengerako.

Kachitidwe kake kadali kotere. Adasonkhanitsa anthu onenepa kwambiri, nawachotsa kwa mabanja ao ndi ku ntchito zao, nkukawatsekera pa famu ina ku California. Kumeneko adawapatsa chakudya chochepa, nawachititsa masewera olimbitsa thupi maola ambirimbiri tsiku lililonse, aphunzitsi akuwakalipira, ena mpaka kusanza kapena kukomoka. Sabata iliyonse aliyense adali kukwera pa sikelo yaikulu pamaso pa anthu mamiliyoni, ndipo amene sadatsike mokwanira adali pa ngozi ya kubwezedwa kwao. Wopambana adali kulandira madola 250,000. Mu 2009 bambo wina dzina lake Danny Cahill adalowa mumpikisanowo akulemera makilogalamu 195, ndipo patatha miyezi isanu ndi iwiri adatuluka wopambana akulemera makilogalamu 87. Tangoganizani: adataya makilogalamu 108, kulemera koposa matumba awiri a chimanga! Anthu adaomba m'manja, misozi idagwa, nyimbo zidalira. Izi ndizo zimene Naamani adafuna pakhomo pa Elisa: khamu la anthu, mfuu, ndi kusandulika kwa thupi onse akupenya.

ZIMENE KANEMA SADAONETSE

Koma makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magetsi a kanema atazima, anthu aja adabwerera kwao, kumene kudalibe mphunzitsi, kudalibe wophika wapadera, koma ntchito, ana, ngongole ndi kutopa, monga zilili kwa ife tonse. Akatswiri a bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, motsogozedwa ndi Kevin Hall, adatsatira anthu 14 a mumpikisano wa 2009 uja kwa zaka zisanu ndi chimodzi, nafalitsa zimene adapeza mu 2016. Pa nthawi ya mpikisano anthuwo adataya pafupifupi makilogalamu 58 aliyense, tikawerengera pakatikati. Patapita zaka zija, makilogalamu 41 mwa amenewo adali atabwerera. Mwa anthu 14, onse kupatula mmodzi adanenepanso, ndipo anai adalemera kuposa mmene adaliri asadalowe mumpikisano. Danny Cahill yemwe uja adali atabwezeretsa makilogalamu oposa 45.

Tisafulumire kunena kuti adali aulesi. Chimene akatswiri aja adapeza nchakuti thupi lenilenilo lidasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Thupi la munthu lili ngati mayi wanzeru wosunga nkhokwe. Ngakhale tili chigonere, limawotcha chakudya kuti mtima ugunde, mapapo apume ndi magazi atenthe. Koma likaona kuti chakudya chatsika mwadzidzidzi ndipo ntchito yachuluka modabwitsa, limati kwagwa njala, tsono limachepetsa moto pa mafuwa ndi kukulitsa chilakolako cha kudya, monga mayi amachepetsera ufa mu Januwale nkhokwe ikayamba kuoneka pansi. Matupi a anthu aja, ngakhale patapita zaka zisanu ndi chimodzi, adali kuwotcha makalori 500 ochepera pa tsiku poyerekeza ndi mmene amayenera kuchitira matupi a msinkhu wao, ndiko kunena mphamvu ya mbale yathunthu ya chakudya. Adalimbana ndi thupi ngati mdani, ndipo thupi lidadziteteza. Ndithudi, kuthamanga sikufika.

KODI IFE A KU RUMPHI ZITIKHUDZA BWANJI?

Mwina mlimi wa ku Mhuju amene wakhala tsiku lonse akupalira fodya, kapena mayi wa ku Phoka amene amakwera phiri ndi dengu la khofi pamutu, akuseka mumtima kuti awa ndi matenda a azungu. Zoonadi ambiri a inu simusowa wokuphunzitsani kulimbitsa thupi. Amene amakwera wapansi msewu wa Gorodi, ndi makhota ake 20 kuchokera ku Chitimba kukafika ku Livingstonia, angaphunzitse aphunzitsi a pa kanema aja. Ndiponso sitiiwala kuti vuto lalikulu la nyumba zambiri likadali kuperewera kwa chakudya: kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malaŵi adali opinimbira.

Komabe zinthu zasintha ife tikuona. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse adali wolemera kupitirira muyeso woyenera msinkhu wake. Kale mu 2009 kafukufuku wina wa Unduna wa za Umoyo adaonetsa kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene ambiri timangoti BP, ndipo ochuluka a iwo sadali kudziwa. Ndipo pafupi pomwepa, kwa anansi athu a ku Karonga, akatswiri adayeza anthu a m'midzi pakati pa 2013 ndi 2016, nawayerekeza ndi a mumzinda wa Lilongwe. M'midzi ya ku Karonga amai 27 mwa 100 ndi abambo 9 mwa 100 adali olemera mopitirira. Ku Lilongwe amai 44 ndi abambo 18. Ngati zili tero ku Chilumba, tisaganize kuti malire a boma atitchinjiriza ife.

Chifukwa chake tikuchidziwa tonse. Mtunda umene atate athu ankayenda popita ku Misa, ife timakwera njinga yamoto ya kabaza. Mtondo ndi mphero zalowedwa m'malo ndi chigayo, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti amai apumula. Koma mphunzitsi, kalaliki, wamalonda wa mugolosale, dalaivala, inde ngakhale ife ansembe ndi masisitere amene timayenda pa galimoto, timakhala pansi tsiku lonse pamene mbale yathu ikadali ya munthu wolima. Pamwamba pake pabwera mandasi, chipisi, kanyenya, tiyi wa masipuni anai a shuga ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo.

Palinso china chimene chili m'mitima mwathu. Kwathu kuno kuuza munthu kuti "mwanenepa" nkumuyamikira. Mkazi akanenepa timati mwamuna wake amamusamala. Bambo akatulutsa mimba timati ndi bwana. Ndipo ife amene tidaona zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idali kutha anthu mankhwala otalikitsa moyo asadayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, tikudziwa mantha amene dzina lija la kaliwondewonde lidasiya. Mayi wina wa mumphakati adatiuza kuti achipatala adamulangiza kuti achepetse thupi chifukwa cha BP. Adayesetsa, nayamba kupepukidwa, mutu nkusiya kupweteka. Koma pa chitsime anthu adayamba kunong'ona, ndipo apongozi ake adafunsa mwamuna wake kuti, "Kodi amakewa adwala chiyani?" Mayi uja adaleka zonse, nabwerera ku mbale yake yakale. Lilime la anansi lidamubwezera ku nthenda imene adali kuithawa.

Motero tapanikizika pakati pa mabodza awiri. La kumudzi likuti kunenepa konse ndi mtendere. La pa kanema likuti kuonda msanga ndiko chipulumutso, ndipo kumbuyo kwake kukubwera amalonda a tiyi woondetsa, mapilitsi ndi malamba omanga pamimba, amene amakometsa katundu wao ndi zithunzi ziwiri, china cha kale china cha tsopano. Zambiri mwa zimenezi zimangotsegula m'mimba ndi kukhetsa madzi a m'thupi. Chimene chimaondadi ndi chikwama. Mabodza onse awiriwa gwero lake ndi limodzi: amayesa thupi la munthu ndi maso a anthu oonerera.

MPINGO UPHUNZITSANJI

Mpingo suyesa thupi ndi maso a anthu. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 6, atikumbutsa kuti Mzimu Woyera amakhala m'thupi mwathu monga m'nyumba yake yopatulika, ndi kuti eni ake a nyumbayo si ife. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 2288 mpaka 2290, aphunzitsa zinthu zitatu: kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu adatisungitsa, ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru; kuti sitiyenera kupembedza thupi ngati fano, nkumapereka zonse nsembe kuti tioneke okongola; ndi kuti khalidwe la kudziletsa limatipewetsa kupyola muyeso pa chakudya, mowa, fodya ndi mankhwala. Taonani kuti chiphunzitso chimenechi chikutsutsa mbale yosefukira, chikutsutsanso sikelo ya pa kanema.

Ngakhale pa kusala kwa Lenti, Mpingo ndi mayi wodziwa ana ake. Lamulo la kusala chakudya limatigwira masiku awiri okha pa chaka, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo limagwira a zaka 18 mpaka 59, osati ana, okalamba kapena odwala. Francis de Sales Woyera, m'buku lake la malangizo a moyo wachikhristu la 1609, adalangiza kuti kudziletsa kwapakati kosadukiza kuposa kusala koopsa kwa apo ndi apo kotsatidwa ndi kudya mosadziletsa. Zimene woyera uyu adaona ndi maso a mbusa, akatswiri adadzaziyeza ndi makina patapita zaka mazana anai. Ndipo tisasokoneze zinthu: Lenti si mpikisano wa kuonda. Timasala kuti mtima ubwerere kwa Mulungu ndi kuti chimene tasiya chipite kwa waumphawi. Koma mkhristu amene waphunzira kuuza mimba yake kuti "pakwana" chifukwa cha Mulungu, wapeza chida chimene chidzamtumikira chaka chonse.

KUMIRA KASANU NDI KAWIRI

Tsono titsikire ku Yordani wathu. Naamani adamira kasanu ndi kawiri. Nafenso tikuikirani zinthu zisanu ndi ziwiri, zonse zazing'ono, ndipo palibe chofuna ndalama.

Choyamba, tidziwe pamene taima. Pitani ku chipatala cha boma pa Rumphi, ku David Gordon Memorial ku Livingstonia, kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, mukayezetse kuthamanga kwa magazi, ndipo kumene kuli zida mukayezetsenso shuga. BP siilira ngati malungo. Imadya munthu mwakachetechete. Kunyumba nako kuli muyeso wosalira sikelo, umene madokotala a ku Britain adaulimbikitsa mu 2022: chiuno cha munthu chisapitirire theka la msinkhu wake. Tengani chingwe, muyeze kuchokera kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati, ndi kuchizunguliza pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo amaitana shuga ndi matenda a mtima.

Chachiwiri, tiyende. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti theka la ola masiku asanu. Kuyenda ndawala kofulumiza mpweya koma kosaletsa kucheza ndi mnzako nkokwanira. Kulima dimba, kupalasa njinga, kutunga madzi, kuvina mukwaya, zonsezi zimawerengedwa. Inu a pa Boma, mtunda wa kutchalitchi cha St Denis kapena wa kumsika muziuyenda ndi miyendo, ndalama ya kabaza mugulire ana nthochi. Kolona imodzi yonenedwa modekha imatenga mphindi ngati makumi awiri. Ineneni mukuyenda, mudzakhala mwadyetsa mzimu ndi thupi pa ulendo umodzi.

Chachitatu, tiyang'ane m'chikho. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono 7 kapena 8, pamene a WHO amati nkwabwino koposa kuti shuga woonjezera wa tsiku lonse asapitirire masipuni 6. Zakumwa zimenezi sizikhutitsa, choncho munthu amamwa nkudyanso monga mwa masiku onse. Mowa nawo uli chimodzimodzi, kuonjezera pa misozi ina imene umabweretsa m'banja. Chepetsani shuga wa mutiyi sipuni imodzi sabata ino, ina mwezi wamawa, lilime limazolowera. Ludzu Mulungu adalilengera madzi.

Chachinai, tiyang'ane m'mbale. Sitikuti musiye nsima. Amene angakuuzeni zimenezo sadziwa Malaŵi. Tikuti amene sagwira khasu asadye mitanda ya wogwira khasu. Amene amadya itatu ayambe wadya iwiri, ndipo malo a mtanda wachitatuwo alowepo masamba. Mgaiwa uli ndi gaga amene amasunga mimba nthawi yaitali kuposa ufa woyera. Nyemba za m'mapiri athu, usipa wa kunyanja, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi chigwada zotendera nsinjiro, mapapaya, mango ndi magwafa: magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa ali m'minda mwathu. Abana ndi Farpara wa m'mashopu tiwasilirirenji?

Chachisanu, mchere ndi mafuta. Muyeso wa mchere wa munthu wamkulu pa tsiku lonse ndi magalamu osafika 5, sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo umene uli kale mundiwo, mubuledi ndi munsomba zouma. Mchere wochuluka umakweza BP. Tichotse kambale ka mchere pa mphasa yodyera. Mafuta ophikira tiziyeza ndi sipuni, osangopendeketsa botolo, ndipo zokazinga za pamsika zikhale za apo ndi apo.

Chachisanu ndi chimodzi, tidekhe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Madokotala amati kutsika theka la kilogalamu, kapena kilogalamu imodzi pa sabata, ndiwo muyeso wabwino, ndipo padzakhala masabata amene sikelo siidzasuntha konse. Musataye mtima, chifukwa phindu silidikira kuti muonde ngati bango. Mu 2002 akatswiri a ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene adali pafupi kudwala shuga. Gulu lina adangolipempha kuti lichepetse magawo 7 mwa 100 a kulemera kwao ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewo ndi makilogalamu 6 okha. Patapita zaka ngati zitatu, chiwerengero cha odwala shuga m'gulu limenelo chidali chochepa ndi magawo 58 mwa 100 poyerekeza ndi amene sadalandire chithandizocho. Makilogalamu 6 sangaonetsedwe pa kanema, palibe angawaombere m'manja. Koma angathe kusunga maso a agogo kuti adzaone ukwati wa mdzukulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo mukagwa, monga pa phwando la ukwati kapena la Khirisimasi, musanene kuti zonse zaonongeka. Ife Akatolika tikudziwa njira ya munthu wakugwa: amadzuka, nayambanso m'mawa mwake.

Chachisanu ndi chiwiri, tichite pamodzi. Pa kanema amachotsa munthu kwa abale ake, namupikisanitsa ndi anzake, wofooka nkuthamangitsidwa. Mumpingo sititero. Mutu umodzi susenza denga. M'nyumba zathu poto ndi mmodzi, choncho mayi sangachepetse mchere ngati bambo akalipa kuti ndiwo sizikukoma. Abambo, thandizani akazi anu, ndipo inunso mukayezetse. Mumphakati, awiri kapena atatu angapangane kuyendera limodzi odwala wapansi Loweruka lililonse. Pa misonkhano ya parishi, kodi sitingaike madzi, nthochi ndi mtedza m'malo mwa makireti a zakumwa? Koposa zonse tisunge lilime. Munthu wonenepa asasekedwe: matupi amasiyana chibadwire, ena amanenepa kaamba ka mankhwala amene amamwa kapena kubereka, ndipo manyazi sadachizepo munthu. Munthu amene akuchepetsa thupi asanong'onezedwe. Kamtsikana ndi antchito a Naamani adampulumutsa ndi mau abwino. Mau athu achite chimodzimodzi.

CHENJEZO KWA MAKOLO NDI AKATEKISTI

Inu akatekisti amene mudzafotokoza mau awa m'matchalitchi a kumidzi, muwanyamule bwino. Malangizo a kuchepetsa chakudya si a ana amene akukula, si a amai oyembekezera kapena oyamwitsa, si a okalamba ofooka kapena a amene thupi lao nlochepa kale. Amenewa afunika kudya mokwanira, ndipo nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi bambo woyenera kuchepetsa ndi mwana woyenera kuonjezera. Atsikana athu amene ayamba kudzimana chakudya pofuna kufanana ndi zithunzi za m'lamya, tiwakhazike pansi mwachikondi. Munthu amene akuonda popanda kufuna, kapena akutsokomola nthawi yaitali, kapena akumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, apite kuchipatala msanga. Ndipo amene akumwa mankhwala a BP, a shuga kapena otalikitsa moyo, asawasiye chifukwa wayamba kuyenda, kapena chifukwa wina wamupempherera. Amene angasinthe mankhwala ndi dokotala yekha.

Abale athu okondedwa, mu Mthenga Wabwino wa lero Ambuye Yezu adakumbutsa anthu a ku Nazarete za Naamani yemweyu, ndipo iwo adakwiya mpaka kufuna kumponya kuphompho. Adakwiya chifukwa adayembekeza zozizwitsa zonga za ku Kapernao, koma pamaso pao padaima mwana wa Yosefe amene adamuona akukula. Chipulumutso chidawadzera chovala zovala za tsiku ndi tsiku, iwo nkuchikana. Nafenso tingathe kunyoza msewu wa fumbi wa kwathu, mbale ya nkhwani ndi chikho cha madzi, chifukwa nzozolowereka. Koma Yordani wathu ndi ameneyo. Thupi ili sitilisamala kuti anthu atiombere m'manja. Tilisamala kuti tilere ana athu mpaka akule, tigwire khasu, tinyamule odwala, tigwade pamaso pa Ukaristia, ndipo tsiku lomaliza tidzalibweze kwa Mwini wake amene adzaliukitsa. Mawa m'mawa timire koyamba.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, amene mudatiumba ndi dothi ndi kutiuzira mpweya wanu, tikuthokozani chifukwa cha matupi amene mudatisungitsa. Tichotsereni kunyada kwa Naamani, mutipatse kumvera kwake. Dalitsani minda yathu kuti mwana aliyense akhute, limbitsani odwala ndi onse owasamala, ndipo mutiphunzitse kudya ndi kumwa moyamika ndi modziletsa. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

MAFUNSO OKAMBIRANA MUMPHAKATI

1. Kodi ndi angati mwa ife amene adayezetsa kuthamanga kwa magazi chaka chino? Tingathandizane bwanji kuti otsalawo apite?
2. Kodi mau amene timalankhula pa za matupi a anzathu amamanga kapena amagwetsa?
3. Mwa zinthu zisanu ndi ziwiri zija, banja lathu liyamba ndi chiti sabata ino, ndipo ndalama imene tipulumutse tithandiza nayo yani Pasaka asadafike?